Dzira la tsiku la 24

Thadzi langa lamawangamawanga litayamba kukhalira mazira, sindinachedwe kuzindikira. Linasiya kutetera, linkangokhala m'chisa usana ndi usiku, ndipo ndikayandikitsa dzanja linkafufuma n'kundikalipira ngati ndili nalo ngongole. Pachifuwa linali litadzisosola nthenga kuti khungu lizikhudza mazira. Ndinaliikira mazira 11, onse osapitirira masiku 7 chiikiridwire, komanso osatsuka, chifukwa madzi amachotsa kachiphimba kosaoneka kamene kamatchinga majeremusi kuti asalowe m'timabowo ta chigoba. Mpaka pamenepo ndinali katswiri.

Chimene ndinaiwala ndi pensulo. Mazira oyamba amafunika kuwalemba mzere wozungulira dzira lonse, kuti uzioneka ngakhale thadzi litalitembenuza. Chisanso ndinachisiya m'khola momwe munali anzake. Tsono nkhuku zili ndi kakhalidwe kena koipa, zikaona mnzawo wakhala pabwino, zonse zimafuna kuikira pomwepo. Thadzi likatuluka kukadya, kumwa ndi kusamba m'fumbi, kamodzi patsiku kwa mphindi 20 kapena 30, misoti iwiri inkalowa n'kusiyamo katundu wake. Mwini chisa akabwera sawerenga. Amangokokera zonse kunsi kwa mimba ndi mlomo.

Usiku wa tsiku la 9 ndinapita ndi tochi kukaunika mazirawo. Ndinanyamula thadzi lija n'kuwerenga, 19. Ndinawerenganso mobwerera m'mbuyo, mwina angachepe, koma ayi ndithu, 19, onse ofanana ngati mapasa.

Kuunikako sikuvuta. Mumdima, tochi mumaigunditsa kumbali yaikulu ya dzira, komwe kuli kathumba ka mpweya. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude, pakati pake pali kadontho kakuda kogwedezeka. Likaonetsa mkombero wofiira wokha, mwana anafera m'njira. Likawala mbee ngati nyali, ndiye kuti tambala anangolira mokweza koma ntchito sanagwire. Vuto ndi lakuti dzira loikira dzulo nalonso limawala mbee. Ine nditaima pamenepo, tochi kukamwa, ndinalephera kusiyanitsa lachabe ndi latsopano, ndipo ndinawabwezera onse. Ndinkati ndi chifundo. Unali umbombo.

Thadzi wamba limafungatira bwino mazira 10 mpaka 12. Akachuluka, a m'mphepete amazizira, ndipo popeza limawatembenuza ndi kuwasinthanitsa malo kambirimbiri patsiku, dzira lililonse limalandira gawo lake la chisanu. Amene mumaika pangozi si owonjezera okhawo, ndi chisa chonse.

Tsiku la 20 ndinamva kulira kwapansipansi kuchokera m'zigoba. La 21 masana dzira limodzi linabooka kabowo, kamlomo kakusuzumira. Pofika madzulo palibe chinasintha, ndipo zala zanga zinayamba kuyabwa.

“Bambo, chotsanipo dzanja pamenepo,” anatero amayi a kunyumba ali pakhomo pa khola. “Mwini ana wakupemphani?”

Ankanena zoona. Kuchokera pa kabowo koyamba mpaka kutuluka, mwanapiye amatha kutenga maola 24. Nthawi imeneyo amakhala akukokera m'mimba yolk (chachikasu cha m'dzira) yotsala, mitsempha ya m'kati mwa chigoba ikuuma. Mukasenda msanga amataya magazi n'kufera m'manja mwanu. Ndinapinda manja. M'mawa ndinapeza timitu 6 tikusuzumira m'mapiko mwa mayi wawo, touma bwino, tofewa ngati thonje. Ndinayenda pabwalo ngati waswa ndine.

Tsiku la 23 thadzi linanyamuka ndi ana ake osacheuka. Silinalakwe. Chakudya chimene mwanapiye amabadwa nacho m'mimba chimamusunga masiku awiri kapena atatu basi, ndiye mayi sangadikire mazira amene anayamba mochedwa ndi sabata yathunthu. M'chisa munatsala 13, ozizira. Masana omwewo kamwanapiye kamodzi kanamira m'mbale ya madzi ya nkhuku zazikulu. Anapiye amafuna kambale kosazama, koikamo timiyala kuti azimwa m'mipata. Timiyalato ndinatiika nditakwirira kale kamnzathuko.

M'mawa wa tsiku la 24 mtima unakana kuvomereza. Ndinati mwa 13, mwina limodzi likadapuma. Ndinatola lina. Linali lopepuka modabwitsa, ndipo pachigoba panali timadontho tofiirira ngati thukuta. Aliyense wodziwa nkhuku akaona thukuta limenelo amabwerera chambuyo mwaulemu, chifukwa dzira lowola limadzaza mpweya wa majeremusi mpaka chigoba kungotsala pang'ono kugonja. Ine ndinaliika pakhutu kuti ndimve ngati muli kulira. Munali zii. Ndiye ndinaligwedeza pang'ono.

Phuu!

Sindinaone kanthu kwa kanthawi. Zobiriwira zina zinalowa m'khutu, zina m'tsitsi, zotsala zinatsetserekera m'kolala n'kupitirira ulendo mpaka palamba. Fungo lake linafika kunyumba ine ndisanafike.

“Bambo, imani pomwepo! Musaponde pakhonde.”

“Ndipatseniko madzi, mayi.”

“Madzi ndikupatsani, koma musandiyandikire.”

Sopo anachita kundiponyera, ndowa anaikankha ndi mtengo wa tsache. Mazira 12 otsalawo ndinawanyamula pafosholo limodzilimodzi, nkhope nditalozetsa kwina, n'kuwatsitsira m'dzenje lakuya mofatsa ngati ndikugoneka khanda. Udzu wa m'chisa ndinautentha kuopa utitiri. Thadzi linadutsa pafupi ndi ana ake 5, linandiyang'ana ndi diso limodzi, kenako linawaitana kuti adzere njira ina. Ndinasamba katatu. Madzulo galu wathu, amene sakana chilichonse ngakhale cha kudzala, anabwera akugwedeza mchira, anandinunkhiza khutu kamodzi, n'kukagona kuseri kwa nyumba.