Mmene ndinapezera dzina loti a Fufuta

Anzanga mpaka lero amanditchula kuti a Fufuta, ndiye poti ena mwakhala mukufunsa kuti dzinali linabwera bwanji, bola ndikuuzeni ndekha asanakuuzeni ena mothira mchere.

Tilipo atatu pa kaofesi kathu pa Kasungu boma, kachipinda kamodzi kuseli kwa mashopu kufupi ndi msewu wa M1, timapanga mawebusaiti. Ine, asisi ena amene amaona za design, ndi madala ena amene anayamba PHP (chilankhulo cholembera mawebusaiti) ine ndikadali ku pulayimale. Tinapeza ntchito ya kopaletivu ina ya alimi a soya ndi mtedza, amafuna sisitimu yolembamo mamembala ndi matumba amene aliyense wabweretsa.

Vuto linali loti aliyense anali ndi XAMPP yakeyake, pulogalamu yoyesera webusaiti pa laputopu, ndipo iliyonse imabwera ndi PHP yake. Madala PHP 7.4, ine 8.1, asisi sankadziwa n'komwe kuti yawo ndi iti. Ndiye tsiku lililonse nyimbo inali imodzi, "kwanga ikugwiratu", wina nayenso "kwanga ikukana". Ine ndinatopa nazo nkunena kuti anthu inu tiyeni tikhale ngati anthu ophunzira, tiike VirtualBox ndi Vagrant, tonse tikhale ndi makina amodzi ofanana a Linux ya Ubuntu 22.04 mkati mwa malaputopu athu (amati VM, kompyuta ya mkati mwa kompyuta), PHP imodzi, MySQL imodzi, basi nkhani yatha. Madala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti "mwana iwe, ine flash yanga sinandikhumudwitsepo". Paja iwo Lachisanu lililonse amakopera foda yonse pa flash nkuipatsa dzina ngati site_final, site_final2, site_final_yeniyeni. Ndinkawaseka kwambiri pa zimenezi, ndikuvomera.

Kuika kwakeko inali nkhondo. Box ya Ubuntu, fayilo yopangira VM ija, ndi ma MB mazanamazana, ndinaidawuniloda usiku ndi bandulo yausiku foni nditaitsamiritsa pawindo chifukwa mpomwe network imagwira, magetsi nkuzima ili chakumapeto, kuyambiranso mawa lake. Nditaipeza ndinapanga vagrant package nkugawira anzanga pa flash (inde, pa flash ya madala yomweyo). Laputopu ya asisi inakana kuti VT-x (mbali ya kompyuta yolola VM kuyenda) ndi yozima, tinalowa mu BIOS ndi F10 poti ndi HP, asisi atagwira pamtima ngati tikuchita opaleshoni mwana wawo. Ya madala ili ndi RAM ya 4GB, nditapatsa VM 2GB fani inayamba kulira ngati chigayo cha dizilo. Mayi anga atandimva ndikufotokoza pafoni kuti ndaika kompyuta mkati mwa kompyuta ina anafunsa kuti "ndiye kuti ili ndi pakati?"

Koma zinatheka. Aliyense akalemba vagrant up, nkutsegula localhost:8080, webusaiti ija mbwee pa sikirini, yofanana kwa tonse. Ine mapewa m'mwamba.

Lachiwiri lake ndinali nditasonkhanitsa ntchito ya tonse pa laputopu yanga chifukwa Lachinayi a tcheya a kopaletivu amabwera kudzaona. Za Git, pulogalamu yosunga code ndi zonse zimene mwasintha, tinkangoti tiyamba sabata yamawa, sabata yamawayo inali isanafike. Ndiye ndinaitana anzanga kuti bwerani muone ubwino wa VM, ndinkafuna makamaka madala agonje. Ndinati muno muli ngati m'khola, chilichonse chimene mungaphwanye mkatimu sichikhudza Windows yanu, mukangolemba vagrant up zonse zimabwerera. Onani. Ndinalowa ndi vagrant ssh nkulemba rm -rf /vagrant/* (lamulo lofufuta zonse za mu foda ya /vagrant) ndipo Enter ndinamenya ndi chala chimodzi mwamatama nditayang'ana kumbali ngati wosewera pool.

Amene mumadziwa mwayamba kale kuseka. Foda ya /vagrant si ya mkati mwa VM ayi, ndi foda yomweyo ya pulojekiti imene ili pa laputopu yako, Vagrant imangoilumikiza kuti uzilemba code pa Windows iziwoneka mkati. Ndipo ndine amene ndinawafotokozera anzanga zimenezi dzulo lake, ndi bolopeni papepala, mivi iwiri yoloza uku ndi uku.

Ndinatuluka, nkulemba vagrant up ndikumwetulira, iyo nkuyankha kuti sikuona Vagrantfile, fayilo imene imaiuza mmene idzutsire VM. Ndinati mwina ndalakwitsa foda. Kutsegula foda ija pa Desktop, mbee, ngati munda wa fodya mu Ogasiti. Recycle Bin munali chithunzi chimodzi cha ukwati wa msuweni wanga basi, paja zofufutidwa kudzera mu Linux sizidutsa kumeneko. Asisi anati "ndiye zibwerera nthawi yanji?" Ine thukuta kamukamu, m'mimba mukuti kulukulu, ndinangoti dikirani pang'ono ikuganiza. Sinkaganiza kanthu.

Madala sanalankhule. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya pang'onopang'ono, kuwavalanso, kenako nkuti "ndiye khola lija ndi limeneli?" Ndinati madala pepani, flash ija muli nayo? Anati flash ilipo, koma Loweruka anabwereka alamu awo amene amayendetsa minibasi ya Kasungu–Lilongwe, poti mulinso nyimbo za kwaya.

Abale, ntchito ya masabata atatu inali mu wailesi ya minibasi. Tinaimba foni, alamu aja akuti ali pa Mponela akudikira kuti idzaze ndipo sangazimitse nyimbo chifukwa mapasenja akusangalala nazo. Ndinawapempha kuti chonde asaizule galimoto ikulira, asaipereke kwa kondakitala, asaiike m'thumba limodzi ndi makoini. Anati "kodi muli chani, ndalama?" Ndinati eya, za lendi.

Ndinakwera kabaza kupita ku depoti nkukhala pamenepo kuyambira 2 koloko, minibasi iliyonse yoyera ikalowa ine ndi oitanira kuthamangira limodzi, mpaka mnyamata wina wogulitsa mazira anandifunsa ngati ndayamba ganyu. Inafika mdima utagwa. Flash inatuluka yotentha, chivindikiro palibe, ikununkha dizilo.

Kuofesi titaiika mu laputopu mafoda onse anali ma shortcut, kavailasi kaja kotchuka ka m'malo obenera nyimbo, alamu anali atakawonjezetsa nyimbo ku Lilongwe. Apa mpamene Linux yanga inagwirako ntchito yooneka, chifukwa titatsegula flash ija mu Ubuntu mafoda obisika onse anaoneka. Munali site_final mpaka site_final7, ndi ina yolembedwa site_iyi_ndiye_yeniyeni_osafufuta. Ya Lachisanu. Tinataya ntchito ya masiku awiri yokha, koma mwa iyo munali logo imene asisi anaikonza Lolemba lonse, ndipo sanandilankhule mpaka nditawagulira chips cha pachiwaya ndi Fanta kawiri.

A tcheya anabwera Lachinayi, anaona mayina a mamembala akutuluka bwinobwino, anafunsa ngati zinthuzi sizingasowe mu kompyutamo. Ndisanatsegule pakamwa madala anayankha kuti "funsani a Fufuta awa, ndi amene amaona za chitetezo". A tcheya analemba dzinalo mu kope lawo, ndipo mpaka pano akaimba foni amati ndilankhule ndi bambo Fufuta.