Geji ya kutentha pa ka Vitz kanga

Ka Vitz kanga ka 2008, kobwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, kalibe muvi woonetsa kutentha kwa injini. Kali ndi tinyale tiwiri basi: kabuluu kamene kamayaka m'mawa injini ikakhala yozizira, ndi kofiira kamene kamayaka madzi atafika kale m'khosi. Pakati pa tiwiriti umangoyenda mwachikhulupiriro.

Kofiirako ndinakaona mu Okutobala, ndikukwera chitunda cha ku Thabwa pochokera ku Chikwawa, m'buti muli matumba awiri a mpunga, azakhali ali kumbuyo. Pomwe ndimapeza poimika, nthunzi inali itayamba kale kufuka m'mbali mwa boneti. Gasiketi inapsa. Azakhali anangoti, "Mwanangu, bola tikanakwera minibasi."

Galimoto itatuluka ku galaja ndinapita ku Limbe kukagula geji ya manambala. M'katoni munali gejiyo, sensa yoyeza kutentha kwa madzi, ndi kachitsulo ka aluminiyamu kolowa pakati pa paipi ya rediyeta. Apa ndinalakwitsa: ndinagula kachitsuloko osayeza paipi, ndiye kanali kakakulu. Yezani kaye mkati mwa paipi yanu, chifukwa wa shopu ndalama sabweza.

Ntchito tinaigwira Loweruka m'mawa ndi mlamu wanga, injini itazizira. Tinakhetsa madzi pang'ono, n'kudula paipi ya pamwamba, kulowetsa kachitsulo kaja ndi kumanga makilampu awiri. Titayatsa, geji inangokhala duu. Tinakanda mitu kwa ola lathunthu tisanazindikire kuti kachitsuloko kakulendewera pakati pa labala, sikakukhudza bodi, choncho sensa ya waya umodzi ilibe pobwezera magetsi. Kawaya kamodzi kochoka pa kachitsuloko kupita pa bawuti ya bodi, nkhani inatha. Moto tinatenga pa fyuzi ya choyatsira fodya kuti geji izizima ukachotsa kiyi, isamadye batire usiku. Pomaliza tinaliza injini chivindikiro cha rediyeta chili chotsegula, hita ili pa moto, mpaka thovu la mpweya litasiya kutuluka.

Sabata yomweyo geji inaulula chinsinsi. M'tauni imafika madigiri 70 movutikira, ndipo potsetsereka imagwa mpaka 58. Ndinakayikira thermostat, kavalavu kamene kamatsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta injini isanatenthe, ndiye ndinabwerera kwa makaniko amene anakonza gasiketi uja.

"Achimwene, thermostat yanga ili kuti?"

Anaseka. "Bwana, ija ndinachotsa. Kuno si ku Japan, kulibe chisanu."

Maganizo amenewa ali ponseponse m'magalaja athu, koma ine sindigwirizana nawo. Thermostat ya injinizi imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo kompyuta ya galimoto imayembekezera kuti injini ifike pamenepo. Ikaona kuti kukadali kozizira, imathira petulo wochulukirapo. Ndinali kudabwa kuti ka injini ka 1.0 kayamba bwanji kumwa ngati lole. Ndinagula thermostat ina, makaniko uja anaibwezeretsa akung'ung'udza.

Tsopano ndikaliza m'mawa, nambala imakhala pansi kwa kanthawi, kenako imadumpha n'kupitirira 80. Poyamba ndinachita mantha, koma ndi mmene zimakhalira sensa ikakhala pa paipi ya pamwamba: madzi otentha sadutsamo mpaka thermostat itatseguka. Vuto lina la malo amenewa ndi lakuti madzi akatayika onse, sensa imatsala ikuyeza mpweya, ndiye ikhoza kukunamiza kuti zonse zili bwino injini ikupsa. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimasuzumirabe m'botolo la madzi ndisananyamuke.

Mwezi watha ndinakweranso ku Thabwa, dzuwa lili paliwombo. Pa makona oyamba inali 88, pakatikati 93. Itafika 96 ndinazima AC, n'kutsitsa giya ndi mawindo onse. Fani inalira, nambala inayamba kubwerera. Tinalowa mu Blantyre ili pa 87, azakhali akudandaula za fumbi.