Tsiku lomwe ndinayankha ngati Msparta

Mawu achingerezi akuti laconic amanena za kayankhulidwe kachidule, mawu ochepa koma olasa. Anachokera ku Laconia, dera la kum'mwera kwa Greece komwe kunali mzinda wa Sparta. Anthu akumeneko sankalongolola. Plutarch, mlembi wachigiriki wakale, analemba kuti mfumu Philip II ya ku Macedon, bambo ake a Alexander Wamkulu, inawaopseza kuti, "Ngati ndilowa mu Laconia, muona zakuda." Iwo anabweza liwu limodzi: "Ngati."

Nkhaniyi inandilowa m'magazi moti ndinkangodikira wondiputa. Lachitatu lina bwana ananditumizira uthenga pa foni: "Mukapanda kumaliza lipoti pofika Lachisanu, tidzakambirana za ntchito yanu." Mtima unangoti phwii, mwayi uja ndi uwu! Ndinalemba kuti "Ngati." n'kutumiza, kenako ndinatsamira mpando monyada.

Yankho lotere limafuna zinthu ziwiri. Choyamba, liwu lomwe mukubwezalo likhale lochokera m'kamwa mwa mnzanuyo. Apa m'pamene Chichewa chinandigwetsa. Bwana sanalembe "ngati" paliponse. Anati "mukapanda", ndipo tanthauzo lonse la "ngati" linabisala m'kaphatikizo ka -ka- m'kati mwa mneni. Kuwonjezera apo, "ngati" wathu ali ndi ntchito ziwiri: kukayika, komanso kufanizira, monga "wakuda ngati khala".

Patadutsa mphindi ziwiri foni inalira: "Ngati chiyani? Mukundifanizira ndi chiyani?"

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinaganiza zokonza galamala. Ndinachotsa kaphatikizo kaja m'mneni n'kukatumiza pakokha: "Ka."

Ndinaiwala kuti ka- akaima kutsogolo amachepetsa: kamwana, kagalu, kamunthu. Bwana wathu ndi wamfupi, ndipo nkhani ya msinkhu safuna n'kuimva komwe.

"Ka chiyani? Malizitsani, achimwene. Bwerani mudzamalizire mu ofesi muno."

Chachiwiri chija ndinachikumbukira ndili chilili pamaso pawo, mawondo akuwombana: woyankha mwachidule azikhala ndi mikondo kumbuyo kwake. Ine ndinali ndi cholembera chotha inki. Komanso mbiriyo ndinaiwerenga theka. Atapambana nkhondo ya ku Chaeronea mu 338 BC, Philip analowadi mu Laconia, n'kusakaza minda ndi kulanda madera ena, ngakhale mzinda wa Sparta sanautenge.

Ndinayamba kufotokoza za Agiriki, za mneni, za Plutarch. Bwana anamvetsera kwa mphindi 20, kenako anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Lachinayi."

Kalata yanga yopepesa inakwana masamba atatu.