Kanambala ka m'bulaketi kandizunza matemu awiri

Lachitatu usiku ndinagona mochedwa koma mtima uli m'malo. Matemu awiri athunthu ndakhala ndikulemba mafomula a Chemistry ngati wowombeza maula. Pena ndikhoza, pena ndilakwa, ndipo ngakhale pokhozapo sindinkadziwa chimene ndakhozera. Kulakwa kumapweteka, inde, koma kukhoza mwamwayi kumaopsa kwambiri, chifukwa umalowa m'chipinda cha mayeso ukudziyesa katswiri.

Za ma proton, ma shell ndi 2,8,8 sindiyambapo. Amene wafika Fomu 3 zimenezo anaziimba kale mpaka kutopa nazo. Zoti zitsulo zimataya maelekitironi ndipo zinazo zimatola, nazonso mukuzidziwa. Vuto langa linali laling'ono moti ndinkachita manyazi kufunsa: nambala yachiroma ija imakhala m'bulaketi, monga mu iron(III) oxide.

Taonani mmene ndinadzinamizira. Iron(III) oxide ndi Fe₂O₃. Ndinaona III, ndinaonanso O₃, ndinati eya. Iron(III) chloride ndi FeCl₃. Eyanso. Iron(II) chloride ndi FeCl₂, copper(II) chloride ndi CuCl₂. Zitsanzo zinayi zotsatizana, zonse zikundivomereza. Ndiye m'mutu mwanga munakhazikika lamulo limene palibe anandiphunzitsa, lakuti nambala ya m'bulaketi imanena kuchuluka kwa mnzake wakumanjayo. Ndinalikhulupirira lamuloli kuposa notsi za m'kope, poti ndinalipeza ndekha.

Tsiku la mayeso a pakati pa temu linandiyalutsa. Copper(II) oxide ndinalemba CuO₂. Lead(IV) oxide ndinalemba PbO₄, mopanda ndi mantha omwe. Copper(I) oxide ndinalemba CuO. Pepala linabwera lofiira, pambali palembedwa mayankho olondola: CuO, PbO₂, Cu₂O. Ndinayang'ana mayankhowo mlungu wonse osaona chowalumikiza. Mu CuO mulibe 2 paliponse, nanga II akuchokera kuti? Mu Cu₂O muli 2, koma dzina likuti I. Ndinafika poganiza kuti amene anapeka mayinawa anali ndi nkhanza chabe.

Amene anandimasula ndi mnzanga wa Fomu 4 amene timakhala naye mzere umodzi wa nyumba. Anandipeza pakhonde ndikusankha nyemba m'lichero, kope lili pambali. Nditamudandaulira sanafotokoze kanthu, anangondifunsa kuti, "Iwe, III ameneyu wamamatira kwa ndani, kwa iron kapena kwa oxide?"

Ndinati kwa iron.

"Nanga bwanji ukumupereka kwa oxygen?"

Basi. Funso lomwelo. Nambala ija ndi ya chitsulocho, ndipo sikuwerenga maatomu ayi. Ikunena chaji ya ion imodzi ya chitsulocho (ion ndi atomu imene yataya kapena yatola maelekitironi), kutanthauza maelekitironi amene atomu imodzi yataya. Iron(III) ndi iron amene wataya atatu. Copper(II) wataya awiri. Kuchuluka kwa maatomu mu fomula ndi nkhani ina, imene umaipeza wekha powerengetsa, ndipo lamulo lake ndi limodzi: zonse zikaphatikizidwa chaji ikhale ziro. Elekitironi iliyonse imene yatayidwa pakhale woitola.

Ndinatapa nyemba m'lichero muja kukhala maelekitironi, ndinatola timiyala kukhala iron, ndi zitsekerero za mabotolo kukhala oxygen. Mwala uliwonse ndinaupatsa nyemba zitatu zoti utaye. Chitsekerero chilichonse chimalandira nyemba ziwiri zokha. Mwala umodzi, chitsekerero chimodzi: nyemba imodzi yatsala pamphasa. Ndawonjezera chitsekerero: tsopano chikupereweredwa imodzi. Ndawonjezera mwala wachiwiri: zatsala ziwiri. Chitsekerero chachitatu, ndipo pamphasa payera. Miyala iwiri, zitsekerero zitatu, nyemba zisanu ndi imodzi zapita, zisanu ndi imodzi zalandiridwa. Fe₂O₃. Ndinakhala phee ndikuyang'ana mphasa ija. Choncho 3 uja amene ndinkamuona pa oxygen anangofanana ndi III chifukwa cha masamu a 2 ndi 3, sikuti dzina linkamunena iye.

Copper(II) oxide: mwala umodzi utaya ziwiri, chitsekerero chimodzi chitola ziwiri, zatha. CuO. Lead(IV) oxide: nyemba zinayi, zitsekerero ziwiri. PbO₂. Copper(I) oxide: mwala uliwonse uli ndi nyemba imodzi yokha, ndiye pafunika miyala iwiri kuti chitsekerero chimodzi chidzaze. Cu₂O. Zitatu zonse zimene ndinalakwa zija ndinazikonza chimphika cha madzi chisanawire. Ndipo ma chloride aja ankandivomereza chifukwa chlorine amatola elekitironi imodzi yokha, ndiye kuchuluka kwake kumafanana nthawi zonse ndi chaji ya chitsulo. Ndinapanga lamulo la dziko lonse kuchokera pa banja limodzi.

Koma chimene chinandilepheretsa kugona si chimenecho. Nditalowa m'nyumba ndinayamba kudzifunsa chifukwa chake sodium chloride alibe nambala yachiroma, ndiponso chifukwa chake timati calcium chloride osati calcium dichloride pamene fomula yake ndi CaCl₂, chonsecho CO₂ timati carbon dioxide. Kale ndinkangoloweza kuti awa a ionic (otaya ndi kutola maelekitironi) satenga di ndi tri, awa a covalent (ogwirizira maelekitironi pamodzi) amatenga. Usiku umenewo ndinaona kuti si malamulo atatu osiyana. Dzina limangokuuza zokhazo zimene sungathe kuzipeza wekha.

Sodium amataya elekitironi imodzi nthawi zonse, calcium awiri, aluminium atatu. Palibe chifukwa chokuuza, periodic table yakuuza kale. Ukadziwa chaji ya calcium ndi ya chloride, 2 uja umutulukira wekha, ndiye kunena dichloride n'kutaya mawu. Iron ndi wosakhazikika, pena ataya awiri pena atatu, choncho dzina liyenera kukuuza kuti lero ndi uti. Likakuuza, zotsalazo ndi zako. Tsono ukafika pa carbon ndi oxygen palibe amene wataya, palibe amene watola, akungogwirizira maelekitironi pamodzi. Palibe chaji yoti uwerengetsere. Awiriwa atha kupanga CO, athanso kupanga CO₂. Nitrogen ndi oxygen ndiye amanyanya: NO, NO₂, N₂O, N₂O₄. Apa dzina likapanda kuwerenga maatomu mokweza, mono, di, tri, tetra, sungadziwe kuti akunena uti. Ndipo kusiyana kwake si kwa pamayeso pokha. Mbaula ya makala ikamayaka m'nyumba yotseka mawindo, mpweya ukachepa, imatulutsa carbon monoxide, amene alibe fungo ndipo amapha anthu ali m'tulo. Dioxide ndi amene timapuma kutulutsa tonsefe. Atomu imodzi ya oxygen ndiyo ikusiyanitsa.

Ndabwerera ku ganizo limeneli kangapo konse kuyambira Lachitatu, ngati lilime pa dzino logwedera, kuyesa ngati lingagwe. Silinagwe. Landifotokozeranso chinthu china chimene chinkandisokoneza. Bwanji pa magnesium oxide Mg₂O₂ timamuchepetsa kukhala MgO, koma hydrogen peroxide, H₂O₂, sitimuchepetsa kukhala HO? Chifukwa mu mchere wa ionic mulibe kamolekyulu koima pakokha. Mu mchere wathu wa m'ndiwo, ion iliyonse ya sodium yazunguliridwa ndi ma chloride asanu ndi limodzi, ndipo chloride aliyense wazunguliridwa ndi ma sodium asanu ndi limodzi, kupitirira choncho mbali zonse. NaCl akungonena kuti mmodzi pa mmodzi. N'chifukwa chake mcherewu umafuna 801°C kuti usungunuke, uyenera kugwedeza khoma lonse la ma ion amenewa. Pamene H₂O₂ ndi molekyulu yeniyeni ya maatomu anayi, ukachotsapo awiri si iyonso.

Kanthu kena kondisangalatsa: alamu anga ali oyembekezera, ndipo pa paketi ya mapiritsi owonjezera magazi amene analandira ku sikelo palembedwa ferrous sulphate. Limenelo ndi dzina lakale la iron(II) sulphate, FeSO₄. Kale ankasiyanitsa ndi ferrous ndi ferric, cuprous ndi cupric, ndipo umayenera kuloweza kuti ferrous ndi 2, ferric ndi 3, cuprous ndi 1, cupric ndi 2. Njira ya manambala achiroma inachokera kwa Alfred Stock wa ku Germany mu 1919. Ndinamutukwana munthuyu matemu awiri osamudziwa, chikhalirecho iye ankafuna kundipeputsira ntchito.

Tsono ndinene za nyemba zanga, chifukwa ine ndatsimikiza kuti palibe njira ina yoposa imeneyi. M'kalasi tinaphunzitsidwa njira yopingasa ija, yotenga nambala ya chaji ya kumanzere kuitsitsira kumanja, ya kumanja kuitsitsira kumanzere. Imafulumira, sindikana. Koma imakupatsa Pb₂O₄ ndi Mg₂O₂, kenako amakuuza kuti uchepetse, osakuuza chifukwa. Ndiponso ukaitembenuza kuti upeze dzina kuchokera pa fomula, imakunamiza poyera: pa CuO ikuuza kuti copper ndi +1 ndipo oxygen ndi −1, zonse zabodza. Nyemba sizinama. Ukaika yochuluka imatsala pamphasa ukuiona ndi maso. Ine ndikanakhala wolemba silabasi, sukulu iliyonse ikanakhala ndi thumba la nyemba ndi ndowa ya zitsekerero, ndipo njira yopingasayo ikanaletsedwa mpaka Fomu 4. Mnzanga uja anandiseka, akuti m'chipinda cha mayeso a MSCE salola lichero. Ndinamuyankha kuti timadontho ta pensulo kumapeto kwa pepala ndi nyemba zomwezo.

Ngakhale ma ion a maatomu ambiri njirayi imawakwanitsa. Sulphate ndimamutenga ngati chitsekerero chimodzi cholandira ziwiri, osasamala za S ndi ma O anayi ali m'katimo. Ammonium ndi mwala umodzi wa nyemba imodzi. Miyala iwiri, chitsekerero chimodzi: (NH₄)₂SO₄. Bulaketi ija yangokhala ngati chingwe chomangira mtolo wa nkhuni, kuti 2 achulukitse mtolo wonse osati nkhuni imodzi. Ndi mmene ndinasiyira kulemba CaOH₂ m'malo mwa Ca(OH)₂, laimu yemwe timapaka m'makoma. Ndiye ndayamba kuwerenga chilichonse m'nyumba. Soda wa therere ndi sodium hydrogencarbonate, NaHCO₃. Zilembo za CAN pa thumba la feteleza ndi calcium ammonium nitrate. Amayi atopa nane. "Iwe, soda ndi soda, tandipatsira kuno therere lisanapse."

Chimene chikundiwawa ndi nthawi imene yapita. Funso limodzi la mawu osakwana khumi, ndipo palibe amene analifunsa m'kalasi. Mutu wonse wa bonding tinauthamanga m'milungu iwiri. Aphunzitsi ankalemba pabolodi, ife n'kumakopera, akafika pansi n'kufufuta pamwamba ena tisanamalize. Ukakweza dzanja, yankho n'lakuti zimenezo munaphunzira ku Fomu 2. Mwina tinaphunziradi, koma kuphunzitsidwa ndi kumva si chinthu chimodzi. Mawu oti valency anagwiritsidwa ntchito pa zinthu zitatu: maelekitironi a shell yakunja, chaji ya ion, ndi kuchuluka kwa ma bond, kugwirana kwa maatomu. Palibe anatichenjeza kuti chlorine ali ndi maelekitironi 7 kunja koma valency yake ndi 1. Onjezerani apo kuti pakamwa pathu ion ndi iron zimamveka chimodzimodzi, ndiye munthu akati ayoni ya ayoni theka la kalasi latayika kale. Sindikufuna kuwaweruza kwambiri aphunzitsiwo, chifukwa okhawo akuphunzitsanso Physics makalasi awiri, ndipo m'kalasi mwathu ena amakhala atatu pa desiki. Komabe mkwiyo ulipo. Copper(II) sulphate ndimadziwa kuti ndi wobiriwira ngati thambo chifukwa buku linatero, ndi maso anga sindinamuonepo. Madzulo ukati uwerenge magetsi azima, foni yatha moto, m'mawa madzi akudikira kutungidwa.

Ndisadzitame kwambiri. Dzulo ndinakumana ndi zinthu ziwiri zimene nyemba zanga zinakanika. Choyamba ndi ammonium yemweyo. Kunja ndi mwala wa nyemba imodzi, chabwino, koma m'kati mwake? Nitrogen wagwirana ndi ma hydrogen anayi, ndipo pa bond yachinayi maelekitironi onse awiri achokera kwa nitrogen yekha. Buku likuti ikapangika, bond imeneyo siisiyananso ndi zitatu zinazo. Ndikutha kujambula madontho ndi timitanda n'kupeza malikisi, koma sindinganene kuti ndamva. Ngati sizisiyana, tikuipatsiranji dzina lakelake loti dative bond?

Chachiwiri ndi aluminium chloride. Chitsulo ndi chlorine, dzina lopanda tri, fomula AlCl₃ imatuluka bwinobwino pamphasa. Mwa zonse zimene ndanena pamwambapa ayenera kukhala ionic wa mtundu wa mchere. Koma pa 180°C pokha amasanduka mpweya, pamene mchere wa m'ndiwo pa kutentha kumeneko sunayambe n'komwe kugwedezeka, ndipo mu mpweyamo amayenda ngati mamolekyulu a Al₂Cl₆. Mnzanga uja akuti ionic ndi covalent si madengu awiri, ndi msewu umodzi wokhala ndi mathero awiri, ndipo zimatengera kusiyana kwa electronegativity, mphamvu imene atomu imakokera maelekitironi: sodium 0.9, aluminium 1.6, chlorine 3.2. Ndamva mawuwo. Koma ngati aluminium satayiratu maelekitironi ake atatu, ndiye nyemba zimene ndimasamutsa zija zikuimira chiyani? Zikundipatsa yankho lolondola pa chifukwa cholondola, kapena ndabwereranso kuja kwa FeCl₃, kukhoza mwamwayi koma tsopano mwaulemu? Ndimati ndiyalenso mphasa madzulo ano ndiyesere, koma nyemba zija amayi aphika.