Firiji yanga inkaluma

Aliyense amene anakhalako kuno ku Salima mwezi wa Okutobala akudziwa kuti madzi ozizira ndi ndalama. Ine ndimadyera pomwepo. Ndimapanga mafirizesi, thobwa la m'mabotolo ndi madzi ozizira, n'kumakagulitsa ku Kamuzu Road pamene pamaima maminibasi. Firiji yaikulu ija yotsegulira pamwamba ndiye munda wanga.

Inayamba kuluma. Ukaigwira utavala nkhwayira, zii. Ukaigwira wopanda nsapato, makamaka pansi pakakhala kuti pangokolopedwa, umamva kanthu kakuyenda m'zala mpaka m'chigongono. Chimene ndimachita nacho manyazi n'chakuti tinazolowera. Tinayala chisaka pansi, tinamangirira kansanza pachogwirira, moyo n'kumapita. Mpaka tsiku lina mdzukulu wanga wa zaka zinayi anachokera kosamba ali chinyowere, n'kuyedzamira firijiyo. Kukuwa kumene anakuwa mwana uja sindidzaiwala. Sanavulale, koma ine usiku umenewo sindinagone.

Vuto loyamba silinali la mawaya, linali la chibale. Nyumba yathu ndi yakale, koma khitchini ndi zipinda ziwiri zakumbuyo tinachita kuwonjezera, ndipo anaikamo magetsi ndi mwana wa achimwene anga, amene anaphunzira ntchitoyi pomatsatira amisiri ku Lilongwe. Malipiro ake anali nkhuku ndi ndalama ya thiransipoti. Nditamuitana anabwera ndi katesita kake kaja kooneka ngati sikuludiraiva, anagunda apa, anagunda apo, n'kunena kuti, "Azakhali, magetsi ali bwinobwino, onani mababu onse akuyaka. Firiji yanuyi ndiye yatha, gulani ina."

Sindinatsutse, chibale ndi fupa. Koma mawa lake ndinapempha anyamata anyamulire firijiyo kwa aneba. Kumeneko ndinaigwira wopanda nsapato, manja onyowa, ndipo inali yofatsa ngati nkhosa. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndifune munthu wina, achimwene akwiye asakwiye.

Amisiri a zamagetsi kuno ndi mbwee, aliyense wonyamula pulayala amatchedwa injiniya. Ndinafunsa kutchalitchi, ndinafunsa m'mashopu a hadiweya, ndinafunsanso mayi wina amene anali atangolumikizidwa magetsi m'nyumba yake yatsopano. Mayiyu ndiye anandiuza za MERA. Ine ndinkaidziwa MERA ngati bungwe lolengeza mitengo ya mafuta basi, osadziwa kuti ndi lomwelo limapereka chilolezo kwa anthu oika mawaya m'nyumba. Satifiketi ya kusukulu ya ntchito zamanja, kaya ya TEVETA, imaonetsa kuti munthu anaphunzira. Chiphaso cha MERA chimaonetsa kuti waloledwa kugwira ntchitoyi n'kusainira, ndipo a ESCOM polumikiza nyumba yatsopano amafuna mapepala osainidwa ndi munthu wotere.

Ndinapeza mayina atatu. Woyamba nditamufunsa za chiphaso anaseka. Akuti, "Mayi, mapepala sayatsa magetsi." Wachiwiri anandionetsa chithunzi pafoni, koma dzina linali lina, akuti ndi la abwana ake amene amasaina iye akamaliza. Abwanawo amabwera kudzaona ntchito? Ayi, amangosaina. Wachitatu, bambo wachikulire amene anati anaphunzira ku Salima Technical College ku Senga Bay, anatulutsa chiphaso m'kachikwama ka pulasitiki ndisanamalize n'kufunsa komwe. Ndinayerekeza dzina ndi la pachiphaso cha unzika, ndinaonanso tsiku lothera ntchito. Iwo okha anati ngati ndikukayika ndifunse ku MERA, ndipo sanaoneke okhumudwa ngakhale pang'ono.

Funso lachiwiri ndinachita kulipeza ndekha, chifukwa cha katesita ka mwana uja. Ndinati, "Bambo, mudzayeza ndi chiyani?" Anatchula makina atatu, ena anati adzabwereka kwa mnzawo, ndipo tinagwirizana kuti kuyeza ndilipira pakokha, kukonza tidzakambirana zotsatira zikaoneka. Mfundo imeneyi ndimaiona yofunika, chifukwa mmisiri amene wakuuzani kale mtengo wokonzera asanayeze kalikonse akungolota.

Anafika Loweruka m'mamawa kusanatenthe, ali ndi kamnyamata kophunzira ntchito. Katundu wanga yense ndinali nditasamutsira kwa aneba, poti magetsi amayenera kuzimitsidwa nthawi yaitali. Choyamba anandionetsa malire. Analoza mita n'kunena kuti, "Kuchokera papolo kufika apa n'kwa ESCOM, ine sindigwirapo, ndipo wina aliyense akadzakuuzani kuti atsegula mitayi mudzamuthamangitse. Kuchokera apa kulowa m'nyumba n'kwanu, mayi." Kenako anazimitsa main switch, n'kuyezanso kuti atsimikize kuti magetsi achokadi, asanagwire waya ndi dzanja.

Ola lathunthu loyamba sanatulutse makina, ankangoona ndi maso. Anamasula masoketi limodzilimodzi. M'nyumba yakale munali mawaya ofiira ndi akuda, mitundu ya kale ya live, waya wobweretsa magetsi, ndi neutral, waya wowabweza. Kumbuyo kunali abulawuni ndi abuluu, mitundu ya masiku ano, zomwe pazokha si vuto. Atamasula soketi ya firiji anandiitana. Waya wachitatu uja, wa earth, unali wodulidwa n'kupindidwira mkati, osamangidwa paliponse. Masoketi onse asanu akumbuyo anali chimodzimodzi.

Anandifotokozera motere. Firiji ikamakalamba, timagetsi tochepa timatha kudontha n'kufika pachitsulo chakunja. Earth ndi ngalande yoti timagetsi timeneti tithawire pansi. Kwa aneba ngalandeyo ilipo, n'chifukwa chake firiji inali yofatsa. Kwathu ngalande inali ife eni ake, ndi mapazi athu pa simenti yonyowa. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo tsiku loti waya wa live wakhudza chitsulocho mwathunthu, sikukanakhala kuluma ayi. Akanalengeza kuti wina wa ife wagwidwa ndi nyesi.

Kamnyamata kaja kanakwera m'siling'i, n'kutsika thukuta lili kamukamu, m'manja muli zidutswa za tepi wakuda. Mawaya analumikizidwa pongopota n'kukulunga tepi, popanda bokosi, ndipo ndi kutentha kwa malata a kuno tepiyo anali atamatuka. Penanso makoswe anali atateketa chikopa cha waya mpaka mkuwa kuonekera, pafupi ndi mtanda wa denga. Mtengo wouma, waya wosavala.

Tsopano makina. Oyamba anali oona ngati waya aliyense, makamaka wa earth, akuyenda osaduka kuchokera kubokosi la ma breaker kufika pa soketi. Achiwiri amawatcha megger. Tinazula chilichonse m'masoketi, tinachotsa mababu onse, chifukwa makinawa amakankha mavoti 500 m'mawaya kuti aone ngati chikopa chikutchinga bwino, ndipo atha kuwononga TV kapena tchaja yoiwalika. Anati nambala isatsike pa megaohm imodzi, ndipo mawaya abwino amapitirira pamenepo kutalitali. Nyumba yakale inadutsa, zomwe zinandidabwitsa. Mzere wa kukhitchini unalephera, uja wa makoswe. Anapezanso kuti swichi ya m'bafa inaikidwa pa neutral m'malo mwa live. Babu limazima ndithu, koma pachogwirira babu magetsi amakhala alipobe, kudikira munthu wosintha babu atakwera pandowa.

Chimene chinasonkhanitsa ana a m'mudzi chinali kuyeza chitsulo cha earth panja. Anakhoma tizitsulo tiwiri pabwalo motalikirana, anayala mawaya aataliatali kudutsa pansi pa mtengo wa mango, ana n'kumanong'onezana kuti akufufuza madzi a mjigo. Nambala inatuluka yokwera kwambiri. Atakumba anapeza kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba, kosafika ndi mkono womwe, kadzimbiri, waya atangozengerezedwa. Apa mwana wa achimwene anga alibe mlandu, zinali za omanga akale. Bambo aja anati dothi lathu la mchenga la kufupi ndi nyanja limavuta, chifukwa likauma silitenga magetsi bwino, ndipo nambala yopitirira ma ohm 200 sadalira. Anatinso ndachita mwayi kuyezetsa nthawi yotentha, poti earth imene yakhoza mu Okutobala ikhozanso dzinja, pamene yoyezedwa mvula ikugwa itha kukunamiza.

Pabokosi la ma breaker m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndimauza aliyense. Ine ndinkaganiza kuti ma breaker aja amateteza anthu. Ayi. Breaker imateteza waya kuti usatenthe n'kuyatsa nyumba, ndipo imatero pokhapokha ikagwirizana ndi kukula kwa waya. Kwathu masoketi akumbuyo anakokedwa ndi waya wochepa wa 1.5, woyenera mababu, koma breaker yake inali yaikulu, ya ma amp 32. Ndinakumbuka kuti poyamba inkagwa ndikayatsa hotipuleti ndi firiji pamodzi, ndipo mwana uja anabwera kudzaika "yamphamvu". Ndinamuthokoza ndi mafirizesi. Kumeneko kunali kuchotsa mlonda chifukwa akukuwa kwambiri. Choteteza munthu ndi china, amachitcha RCD, ena amangoti earth leakage. Chimayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo akasowa okwana ma milliamp 30, chimadula nthawi yomweyo. M'nyumba mwathu munalibe.

Madzulo ake anandilembera zonse papepala, zofunika msanga pamwamba, zoti zitha kudikira pansi, ntchito payokha, zipangizo pazokha. Ndalama inali yoposa imene ndinkayembekeza, sindinama. Ndinachita kutapa ku banki m'khonde. Tinagwirizana theka poyamba, lotsala akayezanso ine ndikuona.

Kogula zipangizo tinapita limodzi, ndipo ndikukulangizani muzitero. Mushopu ina anatipatsa waya wa 2.5 wotchipa mokayikitsa. Bambo aja ananyamula mpukutuwo, anati wapepuka, anapempha kachidutswa n'kupala ndi mpeni. Mtundu wa mkuwa unachoka, mkati munali moyera. Aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba. Anabweza mwaulemu, tinakagula kwina. Ndikanapita ndekha ndikanabwera ndikuvina kuti ndapulumutsa ndalama.

Kukonza kunatenga masiku atatu. Anakoka waya wa 2.5 watsopano m'mapaipi kumasoketi onse akumbuyo, firiji anaipatsa mzere wakewake, zolumikiza za m'siling'i zinalowa m'mabokosi, swichi ya m'bafa inabwerera pa live, RCD inaikidwa. Earth ndiye inatitopetsa. Chitsulo chimodzi chokutidwa mkuwa sichinakwane, analumikiza china pamwamba n'kukhomabe mpaka chinafika ponyowa, kenako anakhomanso china chapatali n'kuzimanga pamodzi. Aneba ena anati tingothira mchere ndi makala m'dzenjemo monga amachitira ambiri. Iwo anakana mchere, akuti umatsitsa nambala lero koma umadya chitsulo, ndipo mvula ikaukokolola wabwerera pomwe unali. Anasiya kachivundikiro pamwamba kuti polumikizira pazioneka.

Tsiku lomaliza anabwereza mayeso onse, ine nditakhala pampando ndi magalasi anga. Poyeza RCD makina anaonetsa nthawi imene yatenga kuti idule, ndipo anati siyenera kupitirira 0.3 ya sekondi. Nambala iliyonse analemba pafomu, mzere ndi mzere, pansi dzina lawo, nambala ya chiphaso, tsiku ndi siginecha. Pabokosi anamata timapepala tosonyeza breaker iti ndi ya chipinda chiti. Anandigwiritsa chala pakabatani kolembedwa T, ndinadina, nyumba yonse thii. Anati ndizitero pakapita miyezi ingapo, ndipo tsiku limene sidzagwa ndidzawaimbire. Firiji nayo anati ipite kwa okonza mafiriji, poti kudontha kuja ndi matenda akeake, earth yangowaphimba ukali. Asanatuluke anazula tchaja imene ana ankalowetsa mawaya opanda pulagi n'kupanikiza ndi timitengo ta machesi, anandipatsa m'manja osanena kanthu. Apo m'pamene ndinapereka theka lotsala.

Achimwene anamva, monga mudziwa nkhani sigona. Anabwera Lamulungu nkhope ili gwaa. Sindinalankhule zambiri, ndinangotulutsa kachidutswa ka waya woteketedwa ndi breaker ya 32 ija, ndinaziika patebulo pafupi ndi fomu. Anazitembenuza kwa nthawi, kenako anafunsa ngati bambo amenewo amalandira anyamata ophunzira ntchito. Ndinawapatsa nambala.

Mvula yoyamba itagwa mu Disembala, m'mawa wina magetsi anazima m'nyumba mwathu mokha, kwa aneba akuyaka. Ndinakweza RCD, inagwanso. Ndinachita zimene anandiphunzitsa, kuzula zonse n'kumabwezera chimodzichimodzi. Firiji, bwino. TV, bwino. Nditangoyatsa ketulo yakale ija tinkaikonda, thii. Ketuloyo pano ndimathirira mbande za tomato kuseri kwa khitchini.