Zikomo kwa onse amene munandigwira dzanja

Loweruka lapitali tinatsegula kamalo kathu kodyera. Matebulo anayi, mbaula ziwiri, ndi mpoto waukulu wa nyemba umene tinagula ndi ndalama za banki m'khonde. Ndili ndi zaka 61, ndipo aka nkoyamba kuphika pa moto wanga ndekha, nditaphikira mabwana zaka zoposa 30.

Ambiri mukudziwa mmene zinalili. Ntchito inatha, kenaka sitiroko inandigwetsa, dzanja lamanja nkufooka moti ngakhale chipande sindinkatha kuchigwira. Mayi a kunyumba, inu munandisambitsa ndi kundidyetsa phala ngati khanda miyezi isanu ndi umodzi osadandaula. Amayi a kumpingo, ufa ndi sopo zimene munkabweretsa Lachinayi lililonse sitidzaziiwala. Achimwene, lendi ya miyezi itatu ija munalipira mwakachetechete, ndinadzamva kwa eni nyumba. Mulungu akubwezereni pamene munachotsapo.

Koma pali mwana wa mlongo wanga amene ali ku Johannesburg, amene anandipatsa chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndikuchifuna. Tsiku lina ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp nati, "Malume, onani mkulu uyu, nayenso anali khukhi." Munali bambo wachikulire, thukuta kamukamu, akuimba ngati mtima ukung'ambika. Dzina lake Charles Bradley. Ine amene ndinakulira nyimbo za Otis Redding ndi Percy Sledge pa wailesi ndinali ndisanamumvepo.

Mwanayo ankandiwerengera mbiri yake pa foni usiku. Bradley anabadwa mu 1948 ku Gainesville, m'chigawo cha Florida, nakulira kwa agogo ake mpaka mayi ake anadzamutenga kupita naye ku Brooklyn, mumzinda wa New York ku America. Mu 1962 mlongo wake anapita naye ku holo ya zoimbaimba ya Apollo kukaonera woimba wotchuka James Brown, ndipo moto wa kuimba unayaka mumtima mwake pomwepo. Ali ndi zaka 14 anathawa kwawo, nkumagona m'sitima za pansi pa nthaka. Anadzaphunzira kuphika ku Bar Harbor, ku Maine, ndipo anakhala kukhitchini zaka zambiri, kuimba kumangochitika mwa apo ndi apo. Atabwerera ku Brooklyn ankaimba m'malo omwera mowa motsanzira James Brown, atavala wigi, pa dzina lakuti Black Velvet. Anatsala pang'ono kufa mankhwala a penicillin atamuwenga, ndipo pasanapite nthawi mchimwene wake anaphedwa ndi mfuti.

Gabriel Roth wa kampani yojambula nyimbo ya Daptone ndi amene anamuona, ndipo woimba gitala Thomas Brenneck anamulimbikitsa kusiya kutsanzira wina, aimbe zowawa zake. Chimbale chake choyamba, No Time for Dreaming, chinatuluka mu 2011, iye ali ndi zaka 62. Zinatsatira Victim of Love mu 2013 ndi Changes mu 2016. Khansa ya m'mimba inamutenga pa 23 September 2017. Zaka zisanu ndi chimodzi zokha za kudziwika, munthu woimba chotere! Zimandipweteka kuti dziko linachedwa naye chonchi.

Chingerezi chake sindimva chonse. Chimene ndinamva ndi mawu a munthu amene anaimirira tsiku lonse pa chitofu cha wina, miyendo ikutupa, akusunga chinachake mumtima. Mawu amenewo ndimawadziwa. Adokotala atandiuza kuti ndizifinya kampira ka mphira kuti zala zidzuke, ndinkafinya motsatira ng'oma ya nyimbo zake, mayi a kunyumba akuwerenga. Tsiku limene ndinasenda anyezi woyamba ndekha, misozi inali ya anyezi ndi ina yomwe.

Mphwanga, foni imene unkawononga mayunitsi ako ija inandidzutsa pa mphasa. Zikomo.

Zikomonso kwa anamwino amene ankandiwongola zala mopirira, kwa kalipentala amene anatipangira matebulo pa ngongole, ndi kwa anzanga a banki m'khonde amene munandikhulupirira ndili wodwala. Loweruka lija mpunga unatha isanakwane 2 koloko, ndipo kasipika kakang'ono pa shelefu kanali kakuimba Bradley tsiku lonse. Mnyamata wina wa kabaza anafunsa kuti akuimbayo ndani, ndinamulembera dzina pa kapepala.

Timatsegula 6 koloko m'mawa, kupatula Lamulungu. Bwerani mudzalawe nsima ya dzanja lomwe munalipempherera lija.