Sabata yowerenga makompyuta, ma odita asanafike

Kampani yomwe ndimagwirako ntchito imagula soya, nyemba ndi chimanga kwa alimi, n'kumawagulitsanso mbewu ndi feteleza. Likulu lili pa boma la Dedza, masitolo ali kwa Chimbiya, ku Linthipe, ku Lobi ndi ku Mtakataka. Wa IT ndine ndekha. Anthu amandikumbukira pulinta ikatafuna pepala kapena netiweki ikathawa, koma chimene chimandisowetsa tulo ndi china: tili ndi makompyuta angati, ali kuti, ali m'manja mwa ndani, nanga mapulogalamu ali m'katimo tinalipira?

Lolemba m'mawa, nkhungu isanachoke paphiri, abwana anandiitana. "A IT, ma odita akubwera sabata yamawa. Kaundula wanu uja ali bwinobwino?" Ndinati ali bwino, koma mtima unagunda. Kaundula wanga ndi wa mu Excel: chipangizo chilichonse chili ndi mzere wake, nambala ya pa sitika yathu, serial number, tsiku logula, mtengo ndi mwini wake. Iye ankati makompyuta alipo 34. Buku la amayi a ku akaunti linkati 37. Tsiku lonse linathera pa atatu amenewa, ndipo tinawapeza madzulo m'chipinda chosungira matumba, atafa kalekale, fumbi lili mbuu. Ine ndinawachotsa m'kaundula, iwo anali kuwawerengerabe ngati chuma cha kampani.

Lachiwiri ndinatsegula tsamba la malaisensi a Microsoft 365, zilolezo zomwe timalipira kuti tizigwiritsa ntchito Word, Excel ndi imelo. Ambiri saidziwa nkhani iyi: laisensi yamtunduwu imatsata munthu, osati kompyuta. Munthu mmodzi akhoza kuika Word ndi Excel pa makompyuta asanu, koma ukalembetsa dzina, ulipira, kaya mwini dzinayo akugwira ntchito kaya anachoka. Ife tinkalipirira anthu 26. Nditayerekeza ndi mndandanda wa malipiro a mwezi, ndinapeza 21. Atatu anasiya ntchito, mmodzi anali kalaliki wa nyengo yogula mbewu chabe. Wachisanu anali mkulu wathu wina amene anatisiya chaka chatha, tinakamugoneka kwawo ku Bembeke. Imelo yake inali kulandirabe makalata.

Ndalama zimenezi n'zakunja. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola iliyonse imamveka m'thupi, ndipo kuti ipezeke kubanki amayi a ku akaunti amayenda mpaka nsapato kutha. Choipiranso, mgwirizano wathu ndi wa chaka, ndiye chiwerengero sungachichepetse pakati panjira, uyenera kudikira tsiku lokonzanso. Lathu latsala masabata atatu. Ndinafuna kuloza chala a zolemba anthu ntchito kuti sandiuza munthu akachoka, koma inenso ndinawafunsapo liti?

Lachitatu ndinakwera njinga yamoto, jekete ziwiri pathupi. Kwa Chimbiya ndi ku Linthipe kunalibe vuto, masitika ndi manambala zonse zinagwirizana. Nkhani inali ku Lobi. Kunja kompyutayo inali yathu ndithu, sitika ili pamalo pake. Nditaiyatsa ndinaona Office (Word ndi Excel zija) yomwe sindinaikepo ine, antivirus yoteteza ku mavairasi itazimitsidwa, ndi timasewero ta mpira pa sikirini.

"Achimwene, kompyutayi inapita kuti?"

Mnyamata wa m'sitoloyo anayamba wakanda kumutu. "Inangofa mwezi watha, biggie, alimi ali pamzere ndi matumba. Foni yanu sinkapezeka. Ndiye ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza mafoni pamsikapa, anandichitira chifundo."

Chifundocho chinali hard disk ina, Windows ya crack ndi Office ya crack, ndiye kuti zakuba, zopanda laisensi. Kuti zoterezi zigwire, wokonzayo amayamba wazimitsa antivirus, n'kuisiya choncho, khomo lili pululu. M'kompyutamo muli maina a alimi, manambala awo a foni olandirira ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ena mpaka manambala a ziphaso zaunzika. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 limaika udindo wosamala zimenezi pa kampani yomwe yazisonkhanitsa, osati pa wokonza mafoni. Chondipweteka kwambiri n'chakuti makinawa tinagula ndi Windows yeniyeni, kiyi yake inalembedwa pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta. Akanangoika Windows yoyenera n'kulumikiza intaneti, ikanadzitsegula yokha popanda kulipira tambala. Mnyamatayo sindinamukalipire. Munthu ali ndi alimi makumi atatu pakhomo, wa IT foni yake yazima, akanatani? Ndinakhala maola anayi ndikufufuta zonse n'kuikanso, iye akulemba malisiti pamanja, ine ndikudya mbatatesi yokazinga ya pachiwaya. Hard disk yakale ija ndinakaitenga ndekha kumsika. Inali m'katoni, pamodzi ndi mabatire otupa.

Lachinayi ndinatsika Khwekhwerere kupita ku Mtakataka, jekete zonse m'chikwama chifukwa kumeneko dzuwa silinyengerera. Laputopu ya sitolo sinali pasitolo. Inali kunyumba kwa woyang'anira, mwana wawo akuphunzirirapo kutaipa. Inabwera, tinasainirana pepala, basi.

Ulendowu unandipatsa chiwerengero china chowawa. Makompyuta 11 akadali pa Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuitumizira zigamba za chitetezo pa 14 Okutobala 2025, pokhapokha ulipire mwapadera. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo asanu ndi awiri mwa makompyutawa alibe zimenezo. Akugwira bwino ntchito, ndipo apo mpamene pavutira: abwana uwauza bwanji kuti agule china pamene chakale chikuyaka?

Lachisanu ndinawauzabe. Anamvetsera atagwira chibwano, n'kunena kuti tiyambe ndi awiri a ku akaunti, enawo tione tikagulitsa soya. Chimene anavomera osazengereza ndi fomu yatsopano: munthu asanalandire ndalama zake zomaliza, abweze laputopu, chaja ndi modemu, ine ndisaine, ndipo laisensi yake ndiichotse tsiku lomwelo.

Madzulo onse ataweruka ndinabwerera ku maina asanu aja. Ukangochotsa laisensi, makalata a munthuyo amafufutika pakatha masiku 30, ndiye ndimayamba ndasandutsa bokosi lake la imelo kukhala logawana, loti ena angathe kulitsegula, lomwe sililipiridwa likakhala losaposa 50 GB. Anayiwo ndinathana nawo m'mphindi khumi. Wachisanu ndinatsegula kaye. Pamwamba penipeni panali kalata ya mlezi wa kalabu ina ya alimi ku Mayani, ya mwezi watha, yoyamba ndi "Wawa bambo", kufunsa ngati chaka chino tidzagulanso nyemba. Ndinaitumiza kwa amene analowa m'malo mwawo, kenako ndinachotsa laisensiyo n'kuzimitsa magetsi.